Ndapeza mpeni wolembedwa "Arbeit adelt" m'bokosi la zida. Ndiusunge kapena ndiugulitse?

Achisale, Leeds:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka. Ena mukudziwa kuti ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo. Bambo wina amene ndinawasamalira zaka zitatu anatisiya mwezi watha, ndipo mwana wawo wamkazi, pochotsa katundu m'galaja, anandipatsa bokosi la zida poti amadziwa kuti ndimakonda kukonzakonza zinthu. Masipanala, mahamala, misomali ya dzimbiri. Pansi penipeni panali chinthu chokulungidwa m'thaulo lakale.

Ndi mpeni, koma wolemera ngati kachikwanje, utali wake pafupifupi masentimita 40 ukakhala m'chimake. Chogwirira ndi nyanga ya nyama, yokhakhala, yomangidwa ndi masikuluwu awiri. Chimake n'chachitsulo chakuda, kumwamba kuli zokhotakhota ngati mkeka woluka, kumunsi kuli fosholo pakati pa ngala ziwiri za tirigu, ndipo pa fosholopo pali swastika, chizindikiro cha chipani cha Nazi cha Hitler. Pa mpeni penipenipo palembedwa kuti "Arbeit adelt" m'zilembo zachikale zija. Kuseri kuli kagologolo katanyamula lupanga.

Nditaona swastika ija ndinaubweza m'thaulo. Mayi a kunyumba akuti usagonenso m'nyumba muno, ndiye uli m'shedi. Kodi n'chiyani chimenechi? Ndipo munthu amatani nacho?

Abanda, Sheffield:
Achimwene, choyamba musaupukute ndi chilichonse, musaunole, musaupake mankhwala owalitsira zitsulo. Ngakhale mtima ukukuuzani kuti dzimbirilo lichoke, dikirani.

Chomwe mwapezacho ndi mpeni wa perete wa Reichsarbeitsdienst, mwachidule RAD, bungwe la boma la Hitler lomwe linkalemba achinyamata ntchito ya manja. Ajeremani amautcha Haumesser, ndiye kuti mpeni wotemera. Mtundu wa nyangawo unayamba mu 1934. Gologoloyo ndi chizindikiro cha fakitale ya Carl Eickhorn ya ku Solingen, ndipo gologolo wonyamula lupanga ndi wa zaka za pakati pa 1935 ndi 1941. Mawuwo akutanthauza kuti ntchito imapatsa munthu ulemu, imamusandutsa mfulu.

Ndisabise, ine ndimasonkhanitsa mipeni ndi malupanga akale, zaka khumi ndi zinayi tsopano. Mwa zimenezo, itatu ndi ya mabungwe a ntchito a ku Germany: wa nyanga ngati wanuwo, wa akuluakulu a RAD wokhala ndi chogwirira choyera ndi mutu wa chiwombankhanga, ndi wina wa Technische Nothilfe, gulu lomwe linkakonza magetsi, madzi ndi milatho zikaonongeka. Tumizani zithunzi za masikuluwu ndi pamene nyanga yakumana ndi chitsulo.

Woyang'anira gulu:
Achisale, zithunzi tumizani, koma phimbani swastikayo ndi kapepala musanajambule. Tili ndi mamembala okhala ku Germany ndi ku Austria, tisawaike m'mavuto.

Aphiri, Johannesburg:
Ine funso langa ndi limodzi. Ndi ndalama zingati? Achisale, inu muli ndi ana kusukulu, kumudzi akudikira feteleza. Chitsulo sichinaphe munthu chili m'galaja. Gulitsani.

Anambewe, Wuppertal:
Zikomo a woyang'anira. Kuno ku Germany nkhani imeneyi si yamasewera. Ndime 86a ya malamulo a milandu imaletsa kuonetsa kapena kufalitsa zizindikiro zimenezi poyera. Kusunga m'nyumba mwako si mlandu, komanso amalola pa zophunzitsa, kafukufuku ndi m'nyumba zosungiramo zakale. N'chifukwa chake pa misika ya zakale kuno mumapeza atamatapo kasitika pa swastika. Ku Austria ndi ku France nakonso malamulo ake ndi okhwima.

Solingen ndi pafupi ndi kwathu kuno, ulendo wa mphindi zochepa pa sitima. Mpaka lero ndi mzinda wa mipeni, malumo ndi masizasi. Mpeni womwe ndimadulira anyezi unapangidwa komweko. Ku Gräfrath, dera la mumzindawo, kuli Deutsches Klingenmuseum, nyumba yonse ya mipeni ndi malupanga yokhayokha, ndinapitako ndi ana.

Aphunzitsi, Zomba:
Ana anga, ndilankhuleko monga munthu amene anaphunzitsa mbiri zaka makumi atatu. Musanakambe za mtengo, mudziwe kaye dzanja lomwe linkanyamula chinthucho.

Ntchito ya achinyamata imeneyi sanaiyambe ndi Hitler. Mu 1931, ulova utafika posauzana, boma la nthawiyo linakhazikitsa ntchito yodzipereka, wofuna ankapita yekha. Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933 chinailanda, ndipo lamulo la pa 26 June 1935 linati mnyamata aliyense wa zaka za pakati pa 18 ndi 25 agwire miyezi isanu ndi umodzi asanalowe usilikali. Mkulu wake anali Konstantin Hierl. Anyamatawo ankagona m'misasa, kukumba ngalande, kuumitsa madambo, kulambula misewu. Atsikana anawakakamiza kuyambira 1939, ambiri ankatumizidwa kukathandiza m'mafamu.

Mukangomva choncho mukhoza kunena kuti palibe choipa, n'chitukuko. Koma taonani momwe ankagwirira fosholo. Ankaipukuta mpaka kuwala, n'kumaguba nayo paphewa ngati mfuti pa misonkhano ya chipani ku Nuremberg. Msasa unali sukulu yophunzitsa kumvera popanda kufunsa. Nkhondo itayamba, anyamata omwewo ankamanga mabwalo a ndege ndi misewu kumbuyo kwa asilikali, kenako anawapatsa mizinga yowombera ndege, ndipo mu 1945 anawasonkhanitsa m'magulu ankhondo n'kuwaponya kumoto Berlin ili pafupi kugwa.

Ndipo kumadambo a Emsland, komwe RAD inali ndi misasa yake, kunalinso ndende monga Börgermoor ndi Esterwegen, komwe otsutsa boma ankakumba dambo lomwelo ndi fosholo, akumenyedwa. Wina akuuzidwa kuti ntchito imamupatsa ulemu, mnzake akufa nayo ntchito yomweyo. Pa zipata za ndende zozunzirako anthu za Dachau ndi Auschwitz analembapo mawu ena oyamba ndi liwu lomwelo la Arbeit, onena kuti ntchito imamasula.

Aphiri, Johannesburg:
Aphunzitsi, ndamva ndipo ndalemekeza. Koma Achisale sanalembe mawuwo ndi iwo. Akautaya m'nyanja, akufawo adzuka?

Aphunzitsi, Zomba:
Sadzuka, mwana wanga. Sindinanene kuti autaye. Ndati adziwe.

Achisale, Leeds:
Zithunzi ndi izo. Ndaphimba monga mwanenera. Abanda, taonani pakamwa pa chimake, pali zilembo ziwiri ndi manambala okhomedwa, ndipo manambala omwewo ali pa mpeniwo pafupi ndi chogwirira.

Abanda, Sheffield:
Ndaona. Sindingalumbire ndisanaugwire m'manja, koma zonse zikuloza kuti ndi weniweni. Ndikuuzeni zomwe ndimayang'ana, chifukwa pa malonda amenewa abodza ndi ambiri kuposa enieni.

Nyanga iyenera kukhala pa chitsulo mogwirana bwino, popanda mpata woti chikhadabo n'kulowa. Amisiri a ku Solingen ankasema nyanga iliyonse payokha kuti ikwane pa mpeni wakewo. Yanuyo yagwirana, ndipo m'mbali mwake yasanduka yachikasu ngati dzino la nkhalamba. Mtundu umenewo sapaka, umabwera ndi zaka. Masikuluwu anu mitu yake sinaphwanyike, kusonyeza kuti palibe amene wakhala akumasula.

Zilembo za "Arbeit adelt" sankazilemba ndi chosemera, ankadyetsa chitsulo ndi asidi. Pa weniweni m'mphepete mwa chilembo chilichonse ndi mosalala, kuya kwake n'kofanana. Pa wabodza zilembo zimanenepa, zina zimagwirana, zina zimaoneka ngati zalembedwa dzulo. Mukaupendeketsa pa kuwala, mpeni womwe sunapukutidwe umaonetsa timizere tating'onoting'ono topingasa tochokera ku fakitale. Mukangopaka mankhwala owalitsira, timizereto tapita, sitibweranso, ndipo mtengo watsika pomwepo.

Manambala ofananawo ndi nkhani yabwino. Ina mwa mipeni imeneyi inali katundu wa msasa, ankaikhoma nambala n'kuilemba m'kaundula. Nambala ikafanana pa mpeni ndi pa chimake, ndiye kuti ziwirizi sizinasiyane chichokere ku Germany.

Chovuta kwambiri si abodza opangidwa posachedwa ku Asia, amenewo amaonekera patali. Chovuta ndi aja osakaniza. Nkhondo itatha, m'mafakitale munatsala zidutswa zambiri, ndipo asilikali a ku America ndi ku Britain ankafuna zikumbutso zopita nazo kwawo. Anthu anayamba kulumikiza zotsalazo n'kumasinthanitsa ndi ndudu ndi zakudya. Chidutswa chilichonse n'chenicheni, koma mpeniwo sunavalidwepo ndi munthu. Ine ndinapsapo chala chaka changa chachiwiri. Pa msika wina wa zankhondo munthu anandigulitsa mpeni ndi nkhani yokoma ya agogo ake, mapaundi 350. Nditafika kunyumba n'kumasula, mkati mwa nyanga munali guluu wa masiku ano. Kuyambira pamenepo ndimamvera chitsulo, nkhani ya wogulitsa imabwera pambuyo.

Ndipo wina akakuonetsani mpeni n'kunena kuti ndi wa Organisation Todt kapena wa Deutsche Arbeitsfront, mabungwe ena a ntchito a boma la Hitler, gwirani chikwama chanu. Mayina amenewo ndi omwe achinyengo amakonda kumata pa zinthu zopeka.

Nachisale, Lilongwe:
Abanda, ndikufunseni mosapita m'mbali, ndipo musakhumudwe. Inu munthu wakuda, Mmalawi, mumamva bwanji kusunga zinthu zimenezi m'nyumba momwe mukugona ana anu? Anthu amenewa akanatipeza ife akanatiyesa anthu? Ana a asilikali achiafirika obadwira ku Rhineland, ku Germany, anawatseka kubereka mokakamiza mu 1937. Ine ndikaona chizindikirocho thupi limachita tsembwe. Ndili mbali ya alamu anga, chisagone m'nyumba.

Abanda, Sheffield:
Achemwali, sindikhumudwa, funso limenelo ndimadzifunsa ndekha. Ndinayamba ndi mikondo ndi nkhwangwa za kwathu, chifukwa agogo anga anali osula zitsulo ku Dedza, ndinakula ndikupopa mvukuto. Ndikagwira chitsulo ndimaona dzanja la mmisiri. Kenako zinabwera mabeneti a King's African Rifles, kenako za Ajeremani a nkhondo yoyamba, poti anamenyana ndi athu ku Karonga mu 1914. Mipeni itatuyi inabwera pomaliza.

Sili pakhoma. Ili m'kabati yokhoma, ndipo uliwonse uli ndi pepala lomwe ndinalembapo zomwe bungwelo linachita. Mwana wanga wamkulu ataphunzira za nkhondoyi kusukulu, ndinatulutsa umodzi n'kumugwiritsa. Ndinamuuza kuti taona kukongola kwake, umu ndi momwe ankakopera mnyamata wa msinkhu wako. Sanamuuze kuti bwera udzaphe anthu. Anamupatsa yunifolomu, nsapato zabwino, chakudya katatu, ndi chinthu chowala cha m'chiuno.

Koma sindinama, pa misika imeneyi ndimakumana ndi anthu ena amene sagula mbiri, amagula chomwe amachipembedza. Umawadziwa ndi momwe amakuyang'anira iwe wakuda ukaima pa tebulo lomwelo. Pali masiku omwe ndimabwerako ndili wosweka mtima.

Anambewe, Wuppertal:
Abanda, wa chogwirira choyera uja, kuseri kwake kuli chizindikiro chanji?

Abanda, Sheffield:
Sikelo yoyezera, ndi zilembo ACS. Ndi wa Alcoso.

Anambewe, Wuppertal:
Ndinaganiza choncho, chifukwa ambiri a mtundu umenewo ndi a fakitale imeneyo. Alcoso ndi chidule cha Alexander Coppel, Solingen. Banja la Coppel linali la Chiyuda, lodziwika mumzindawo chifukwa chothandiza osauka ndi ana. Mu 1936 fakitale inachotsedwa m'manja mwawo. Mpeni wa akuluakulu a RAD unatuluka mu 1937, ndiye kuti wanuwo unapangidwa eni ake atalandidwa kale, dzina lawo likadali pa chitsulo. Mu July 1942 Dr Alexander Coppel, nkhalamba ya zaka 76, anatengedwa kupita ku Theresienstadt, komwe ankatsekerako Ayuda, ndipo anafera komweko patangopita masabata ochepa. Lero ku Solingen kuli sukulu yotchedwa dzina lake. Mnzanga wa kuntchito ana ake amaphunzira kumeneko, ndi momwe ndinaidziwira nkhaniyi.

Sindikunena izi kuti ndikuweruzeni. Koma ngati pepala la m'kabati lija lilibe dzina limeneli, likusowa chinthu chachikulu.

Abanda, Sheffield:
Lilibe. Ndinalembapo za Hierl, za misasa, za chaka. Dzina la fakitale ndinkalidziwa ngati chizindikiro chongotsimikizira kuti mpeni ndi weniweni. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuyang'ana sikelo imeneyo ndi galasi lokulitsira, kuwerenga timizere take. Zikomo achemwali. Ndilemba usiku uno.

Katekisiti, Dedza:
Ndingowonjezerapo pang'ono. Malemu Papa Benedicto XVI, ali Joseph Ratzinger wa zaka 17, anatengedwa kulowa RAD mu September 1944, n'kutumizidwa ku Burgenland kumalire a Austria ndi Hungary kukakumba maenje otchingira akasinja. Ambiri mwa anyamata amenewa sanasankhe. Choncho tikamakamba za amene ankavala zinthuzi, tikumbukire kuti munali okhulupirira chipani ndi mtima wonse, munalinso ana ongotengedwa.

Aphunzitsi, Zomba:
Zoona akatekisiti. Ndipo pamwamba pa ana otengedwawo panali ena ovutika koposa, omwe analibe yunifolomu kapena mpeni. Pa 2 May 1933 mabungwe a anthu apantchito anathyoledwa, atsogoleri ake kumangidwa, ndipo m'malo mwake munabwera Deutsche Arbeitsfront ya Robert Ley. Wantchito analibenso pokadandaula. Organisation Todt, yomwe inatenga dzina la Fritz Todt ndipo iye atafa pa ngozi ya ndege mu February 1942 inapita m'manja mwa Albert Speer, ndiyo inamanga malinga a konkire m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Pofika kumapeto kwa 1944 inali ndi antchito oposa miliyoni imodzi, ochuluka mwa iwo akapolo: akaidi ankhondo, anthu ogwidwa m'mayiko olandidwa, ndi a m'ndende zozunzirako anthu.

Ife Amalawi mawu okoma okutira ntchito yokakamiza si achilendo kwa ife. Thangata poyamba linali liwu labwino, kuthandizana kumunda. M'maesiteti a ku Magomero linasanduka goli, mpaka John Chilembwe anadzuka mu 1915. Ndipo amsinkhu wanga tikukumbukira a Payoniya, omwe anayamba mu 1963 ndi makasu ndi maphunziro a ulimi, koma pofika December 1993 zinatengera asilikali kuti akawalande mfuti. Sindikufananitsa kukula kwa zoipazo ayi, za ku Germany zilibe mnzake. Ndikungonena kuti ndikaona fosholo yopukutidwa ili paphewa, ndimaizindikira.

Aphiri, Johannesburg:
Chabwino, ndagonja pang'ono. Koma wina ayankhebe funso la Achisale. Atani nawo?

Abanda, Sheffield:
Kuno ku Britain kuusunga si mlandu, kuugulitsa kwa munthu wamkulu si mlandu. Mlandu ndi kuyenda nawo pagulu popanda chifukwa chomveka, ndiye mukamapita nawo kwina kulikonse ukhale wokulungidwa, m'buti ya galimoto, ulendo wake wolunjika. Pa msika wa pa intaneti wa eBay salola. Nyumba zikuluzikulu za okishoni monga Christie's ndi Sotheby's sizilandira zinthu zimenezi, koma zing'onozing'ono za zankhondo zimalandira. Ngati ndi weniweni mupeza mapaundi mazana angapo, osati chuma chosintha moyo. Musautumize kunja, mayiko ena monga Australia analetsa malonda a zizindikiro zimenezi kuyambira 2024. Ndipo musayese kupita nawo kumudzi m'sutikesi.

Za m'shedi ndizo zikundidetsa nkhawa. Chinyezi cha kuno chidya chitsulocho m'nyengo imodzi yozizira, nyanga nayo ing'aluka. Thaulo lichotseni, limasunga madzi. Ngati mlamu sakufuna m'nyumba, ikani m'bokosi lotseka ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Chololedwa kupaka ndi phula lopyapyala lotchedwa Renaissance Wax basi, lomwe a m'nyumba zosungira zakale amagwiritsa ntchito. Ndipo kwa ena amene muli ndi zogwirira zoyera zija, ndi celluloid, pulasitiki yachikale, ikayamba kuwola imatulutsa mpweya wa asidi womwe umadya zitsulo zonse zoyandikana nazo. Muziisunga payokha.

Nachisale, Lilongwe:
Ine ndikadali pomwe ndinali. Mukaugulitsa simudziwa akugula ndani, mwina ndi aja Abanda akuti amapembedza. Ndalama imeneyo ine singandikomere. Koma pali chinthu china chomwe palibe wachitchula. Mayi uja anakupatsani masipanala. Kodi akudziwa kuti munali chimenechi?

Achisale, Leeds:
Achemwali, mwandigwira pamenepo. Sakudziwa, ndikukhulupirira. Bokosilo sanalitsegule n'komwe, anangoti tengani. Ndipo ndakumbuka kuti malemu ankandiuza kuti bambo awo anali dalaivala wa malole a asilikali, anafika mpaka ku Hamburg mu 1945. Pa shelefu m'chipinda chawo panali chithunzi cha bamboyo ataima pambali pa lole, chipewa chili chopendekeka. Ndinkachipukuta fumbi Lachitatu lililonse.

Ndiye si wanga woti ndigulitse. Ndawaimbira mayiwo madzulo ano. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati akukumbukira ali mwana agogo awo akuwakalipira chifukwa chotsegula kabati ina. Akuti nawonso sakuufuna m'nyumba, koma sakufuna kuti upite kwa munthu wosadziwika. Ali ndi makalata omwe agogowo ankalemba ali ku Germany, akuti awafufuza, mwina mwatchulidwa komwe anautenga.

Tagwirizana kuti tilembere a Royal Armouries, nyumba yosungiramo zida zakale, poti ili konkuno ku Leeds, komanso a Holocaust Centre North ku Huddersfield, osunga mbiri ya kuphedwa kwa Ayuda, tiwafunse ngati angaufune pamodzi ndi makalatawo ndi chithunzi chija, kapena atilozere koyenera.

Anambewe, Wuppertal:
Mukamalemba, tchulani manambala aja ndi zilembo zake momwe zilili. Ngati m'makalatamo muli mayina a midzi ya ku Germany kapena mawu ovuta kuwerenga, jambulani munditumizire kumbali, ndikuthandizani.

Abanda, Sheffield:
Loweruka ndili ndi mpata, Sheffield ndi Leeds si patali. Ndibwera ndi galasi, phula ndi bokosi louma, tiuone bwinobwino kuti polemba kalatayo mulembe zomwe mukuzidziwa. Auzeni mlamu kuti sitilowa nawo m'nyumba, tikaonera m'shedi momwemo.

Achisale, Leeds:
Bwerani cha m'ma 10, ndikhala nditaweruka ya usiku. Thaulo ndachotsa kale.